Kadontho Kofiira Sikali Pagalasi

Mupatseni munthu kachipangizo kolozera kamene ambiri amangokatchula kuti red dot, muone zimene achite. Atsinzina diso limodzi, ayang'anitsitsa kadontho kofiirako, kenako ayamba kulimbana nako kuti kakhale pakatikati pa galasi. Zitatu zonsezi n'zosafunika, ndipo ziwiri zoyambazo zimawononga ntchito. Gwero lake ndi ganizo limodzi, loti kadonthoko kali pagalasipo ngati kuti wina anakadontheza ndi inki.

Ena amaganiza kuti kachipangizoka kamaponya kuwala pa chinthu chimene chalozedwa, monga imachitira laser. Nazonso si zoona. Mutaima kutsogolo kwake, pa malaya anu sipangaoneke kadontho kalikonse. Amakaona ndi yekhayo amene diso lake lili kumbuyo kwa galasi.

Ndipo sikakulitsa chilichonse. Mbalame imene ili pa mamita 50 imaoneka mmene ikuonekera ndi maso okha. Ntchito yake ndi imodzi basi: kukuuzani kumene kwaloza chida chachikulu chimene kamangidwapo, kaya ndi telesikopu, kamera, getsi la pa siteji kapena mfuti.

## Diso siligwira zitatu nthawi imodzi

Njira yakale yolozera ndi ya tizitsulo tiwiri, kakumbuyo kokhala ndi kampata ndi kakutsogolo kosongoka. Wolozayo amayenera kufoletsa diso, kachitsulo koyamba, kachiwiri ndi chandamale pa mzere umodzi. Vuto n'lakuti diso limaona bwino mtunda umodzi wokha pa nthawi imodzi. Likagwira kachitsulo kakutsogolo, chandamale chimaoneka mwachimbuuzi. Likathamangira ku chandamale, tizitsulo tonse tiwiri timachita chimbuuzi. N'chifukwa chake alangizi amachita kubwereza kuti yang'anani kachitsulo kakutsogolo, chandamale chisiyeni chizioneka choncho. Mtima wa munthu suvomereza zimenezo msanga, chifukwa umafuna kuona chimene ukuloza.

Kaphonyedwe kakang'ono kamakula kutsogolo. Tizitsulo tikatalikirana masentimita 15, monga pa mfuti yaing'ono ya m'manja, kupatuka ndi milimita imodzi yokha kumasanduka masentimita pafupifupi 17 pa mtunda wa mamita 25. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kuvutika kugwira zinthu zapafupi, ndiye ntchito imakulanso.

Galasi lokulitsa zinthu limathetsa vuto limeneli, koma limabweretsa lake. Diso liyenera kukhala pa mtunda woyenera kuchokera ku galasi, apo ayi mumangoona mdima m'mbali, ndipo mumaona kachigawo kochepa chabe ka zimene zili kutsogolo. Chinthu chothamanga chimatuluka m'galasimo musanachipeze n'komwe.

## Gwedezani mutu

Pali kayeso kamodzi kamene kamasintha kaganizidwe ka munthu pa nkhaniyi, ndipo sikatenga mphindi ziwiri. Ikani kachipangizoka pa tebulo, mukatsinde ndi mabuku kuti kasasunthe, kadontho kagwere pa nsonga ya mtengo wautali kapena mlongoti umene uli pa mamita 100 kapena kuposa. Chotsani manja. Tsopano sunthani mutu pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, m'mwamba, pansi, maso ali pa nsonga ija.

Muona zinthu ziwiri zochitika pamodzi. Kadontho kakuyenda m'galasimo, kakuchoka pakati, kakufika m'mphepete mpaka kusowa. Koma nthawi yonseyi sikakuchoka pa nsonga ya mlongoti. Chimene chikusuntha ndi chimango cha galasi, pamene kadontho ndi mlongoti zamatirirana.

Kuti muone kusiyana, donthezani kadontho ka inki pa galasi la windo, mukafoletse ndi mlongoti womwewo, musunthe mutu chimodzimodzi. Kainki kaja kathawa nthawi yomweyo, chifukwa kali pafupi ndipo mlongoti uli kutali.

Aliyense amene anayendapo usiku kuli mwezi akudziwa kale chimene chikuchitika. Mitengo ya m'mbali mwa njira imatsalira kumbuyo, koma mwezi umakhala ngati ukukutsatani. Uli kutali kwambiri moti kulikonse kumene mungaime, kuwala kwake kumakufikani kuchokera mbali imodzi yomweyo. Red dot ndi kamwezi kopanga.

Kapangidwe kake n'kotere. Kuwala kochokera pa chinthu chapafupi kumafika pa diso kukumwazika, mizere yake ikutalikirana. Kochokera kutali kwambiri kumafika mizere yake itawongoka, ikuyenda mbali imodzi, osakumana komanso osatalikirana. Diso limadzichuna molingana ndi kamwazikidwe kameneka. Ndiye mukaika kagetsi kakang'ono pamalo enieni pamene lenzi kapena galasi lokhota limasonkhanitsira kuwala, kuwala kwa kagetsiko kumatuluka mizere yake itawongoka. Diso limakalandira ngati chinthu chakutali, ngakhale kagetsiko kali pa masentimita ochepa chabe. Kachigawo kalikonse ka galasi kamatumiza kuwala kulowera mbali imodzimodzi, choncho diso likhale pakati kapena m'mphepete, limauzidwa zofanana.

Kadontho si malo pagalasi. Ndi mbali imene chida chaloza. Mukamvetsa zimenezi, zina zonse zimatsatira zokha. Simufunika kukaika pakati, pamene kagwera m'pomwepo. Simufunika kukayang'ana, mumayang'ana chandamale ndipo kadontho kamaoneka bwino pamtunda womwewo. Maso onse awiri amakhala otsegula, ubongo n'kuphatikiza zithunzi ziwirizo, chimango cha galasi n'kukhala ngati chazimiririka. Ndipo diso likhoza kukhala pa masentimita 5 kapena 60 kuchokera ku galasi, kadontho kukula kwake poyerekeza ndi chandamale sikusintha.

## Zimene zili mkati

Mapangidwe akuluakulu alipo awiri. Akale kwambiri ali ndi babu pansi, pamwamba pake kambale kobooledwa chizindikiro, kaya mtanda kapena mkombero, kenako lenzi yowongola kuwala, ndipo pamwamba penipeni galasi losalala lopendekeka madigiri 45. Galasi limeneli limabweza mbali ina ya kuwala kwa chizindikiro kupita ku diso, uku likulola kuwala kwa kutsogolo kudutsa. Chimakhala chida chachikulu ndithu, koma chithunzi chake n'choyera.

Mapangidwe a red dot amachotsa lenzi yapadera ija. Galasi limodzi lokhota, loyang'ana kwa wolozayo, limagwira ntchito zonse ziwiri, kuwongola kuwala ndi kukubwezera ku diso. Kagetsi ka LED kamakhala kumbuyo, cha pansi kapena m'mbali, kataphimbidwa ndi kabowo kakang'ono kwambiri. Popeza kagetsiko sikangakhale pakati pa njira ya diso, galasi amalipendeketsa pang'ono. Ogula ambiri akaona galasi lakutsogolo litakhala chopendekera amaganiza kuti agulitsidwa chopindika. Ayi, linapangidwa choncho dala.

Pa galasi limeneli amapakapo timiyalo topyapyala tosankha kuwala. Timabweza kuwala kofiira kumene LED imatulutsa, n'kulola mitundu ina kudutsa. Popeza kufiira kochokera kutsogolo nakonso kumabwezedwa, zinthu zimaoneka zobiriwira pang'ono ngati kumwamba, ndipo mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo galasilo limanyezimira mofiirira. Opanga amachita kusankha: kupaka kwambiri kumasunga batire koma kumadetsa chithunzi, kupaka pang'ono kumayeretsa chithunzi koma kagetsi kamayenera kuwala mwamphamvu. Pa zipangizo zabwino magalasi amakhala awiri omatidwa pamodzi, miyalo ija ili pakati, kuti kukhota kwa galasi kusakulitse kapena kupinda zimene zili kutsogolo.

LED imadya moto wochepa zedi. Kampani ya Aimpoint imanena kuti zina mwa zipangizo zake zazing'ono zimayaka maola 50,000 osazima pa batire limodzi la CR2032, zimene ndi zaka zoposa zisanu. Ndiye eni ake ambiri sazimitsa n'komwe, amangosintha batire kamodzi pa chaka.

## Zinayambira kwa wopanga matelesikopu

Amene anayambitsa zimenezi ndi Howard Grubb wa ku Dublin, katswiri wopanga matelesikopu akuluakulu, yemwe analembetsa luso limeneli mu 1900. Iye ankaganizira mfuti ndi mizinga, koma kumene linakagwira mizu ndi m'ndege zankhondo. Ajeremani analiyesa pa ndege zawo mu 1918, ndipo pofika nkhondo yachiwiri yapadziko lonse linali m'ndege zomenyera nkhondo za mbali zonse. Chifukwa chake n'chomveka: woyendetsa ndege imene ikugwedezeka ndi kukhota sangaumitse mutu pamalo amodzi kuti afoletse tizitsulo.

Pa ndege za Spitfire ndi Hurricane, chizindikiro chinali mkombero ndi timizere tokhala ndi mpata pakati. Woyendetsa ankachuna kutalika kwa mapiko a ndege ya mdani ndi mtunda umene akufuna kuwomberera, ndipo mapiko aja akadzaza mpatawo ankadziwa kuti wafika. Chakumapeto kwa nkhondoyo kunabwera zokhala ndi gyroscope, kachipangizo kozungulira kozindikira kukhota kwa ndege, monga K-14 ya ku America, zimene zinkasuntha chizindikiro dala kuti chisonyeze malo oyenera kuloza patsogolo pa ndege yothawa. Magalasi amene masiku ano amaonetsa woyendetsa ndege liwiro ndi kutalika kwake osaweramitsa mutu anachokera komweko, ndipo afika ngakhale m'magalimoto ena.

Pa mfuti zonyamula m'manja zinachedwa chifukwa mababu ndi mabatire a nthawiyo sankapirira. Nydar ya mu 1945 inkadalira kuwala kwa dzuwa. Zinasintha mu 1975 pamene Aimpoint ya ku Sweden inatulutsa yoyamba ya LED.

## Kukula kwa kadontho

Popeza kadontho si chinthu chokhala pagalasi, sakayeza m'mamilimita. Amakayeza ndi MOA, imene ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri. MOA imodzi imaphimba masentimita 2.9 pa mamita 100. Kadontho ka 2 MOA ndiye kamaphimba masentimita pafupifupi 6 pa mamita 100, ndi 12 pa mamita 200. Ka 6 MOA kamaphimba masentimita 17 pa mamita 100, koma pa mamita 10 sikafika masentimita 2.

Kakang'ono n'kabwino pa zinthu zakutali chifukwa sikabisa chandamale. Kakakulu diso limakatola msanga, ndipo kugwedezeka kwa manja sikuoneka kwambiri. Amene amaloza zinthu zapafupi mothamanga alibe chifukwa chovutikira ndi ka 1 MOA.

## Parallax ilipo, musanamizidwe

Pa mabokosi ambiri pamalembedwa kuti chipangizocho chilibe parallax, kutanthauza kuti kadontho sikachoka pa chandamale mutu ukasuntha. Pa zinthu zakutali n'zoona ndithu, koma pafupi si choncho, ndipo masamu ake ndi osavuta.

Mizere ya kuwala yochokera pakati pa galasi ndi ya m'mphepete imayenda mbali imodzi, koma siili pamalo amodzi. Diso likasuntha mamilimita 12 kuchoka pakati, mzere umene mukuyang'anira nawonso wasuntha mamilimita 12, ndipo ukhala choncho pamtunda uliwonse. Pa galasi la mamilimita 24 m'lifupi, kumeneko ndiko kuphonya kwakukulu kumene chipangizo chosalakwika chingachite. Pa mamita 100, sentimita imodzi si kanthu. Pa mamita 5, ngati chandamale chili chaching'ono ngati batani, ndi kanthu.

Opanga ena amachuna kuti mizereyo ikumane pa mtunda winawake, mwachitsanzo mamita 50. Pamenepo parallax imatheratu, koma imabwerera pang'onopang'ono mukamapitirira.

Vuto lenileni lili pa zipangizo zotchipa. Galasi lokhota mwachisawawa, lopendekekanso, siliwongola kuwala mofanana paliponse. Pakati limachita bwino, m'mphepete limapotoza, ndipo kuphonya kwa mtundu umenewu kumakula ndi mtunda. Musadalire zolembedwa pa bokosi. Chitani kayeso kogwedeza mutu kaja pamtunda umene mudzagwirirepo ntchito, muone ngati kadontho kakuchoka pa chandamale kakafika m'mphepete. Kakachoka, chipangizocho n'chogwiritsika ntchito ndithu, koma muzisunga kadontho cha pakati.

## Kuchuna pa telesikopu

Telesikopu yosonkhanitsira kuwala pa mtunda wa mamilimita 1,200, yokhala ndi kagalasi koyang'anirapo ka mamilimita 25 imakulitsa zinthu ka 48, ndipo imaonetsa kachigawo ka thambo ka digiri imodzi yokha, malo okwana miyezi iwiri yogundana. Kufunafuna nyenyezi ndi kabowo kotero n'kudzizunza. Apa ndi pamene red dot imagwira ntchito yake yamtendere kwambiri.

Chunani kusanade. Sankhani chinthu chosasuntha chimene chili pa mamita 500 kapena kupitirira, monga nsonga ya mlongoti. Yambani ndi telesikopu: ikani nsongayo pakati penipeni pa chithunzi, mumange telesikopuyo kuti isasunthe. Mukatero pitani pa red dot, mupotokole timabawuti take tiwiri, kena kosunthira kumanja ndi kumanzere, kena kokweza ndi kutsitsa, mpaka kadontho katagwera pa nsonga ija. Bwererani ku telesikopu mukaone ngati simunaigunde. Anthu ambiri amasokoneza ndondomekoyi, amasuntha telesikopu kuti itsate kadontho, n'kumadabwa kuti sizikutheka. Ndipo masana musayerekeze kulozetsa telesikopu kufupi ndi dzuwa, diso limapsa m'kanthawi kochepa kwambiri.

Mtunda uja si wongonena. Red dot imakhala masentimita ngati 15 pambali pa mzere wa telesikopu. Mukachunira pa chinthu cha pa mamita 50, mizere iwiriyo ikumana pamenepo, ndipo kuthambo muziphonya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa mwezi. Pa mamita 500 kuphonyako kumachepa ka 10. Kukada, malizitsani pa nyenyezi yowala, koma mwachangu, chifukwa thambo limayenda madigiri 15 pa ola, kota ya digiri pa mphindi iliyonse.

Usiku chepetsani kuwala kwa kadontho mpaka kazingooneka pang'ono. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kadontho kowala kwambiri kamabisa nyenyezi imene mukuifuna. Apanso m'pamene miyalo yofiirira ija imakhala chopinga, chifukwa imadetsa nyenyezi zosawala kwambiri.

Akatswiri ambiri a nyenyezi amakonda chida cholozera chotchedwa Telrad pa chifukwa chimenechi. Anachipanga Steve Kufeld chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 potengera zida za m'ndege zankhondo: galasi losalala lopanda utoto, lopendekeka, ndi mabatire awiri a AA. M'malo mwa kadontho imaonetsa mikombero itatu yofiira, ya theka la digiri, madigiri 2 ndi madigiri 4. Wamng'onowo ndi wofanana ndi mwezi. Phindu lake n'lakuti imakhala choyezera thambo. Ngati mapu akusonyeza kuti chinthu chosaoneka ndi maso chili madigiri 2 kuchokera pa nyenyezi yowala, mumaika nyenyeziyo pa mkombero waukulu, kumbali yoyenera, ndipo pakati pamagwera pa chinthucho. N'chibokosi chosakongola, koma pa ntchito imeneyi kadontho kamodzi sikangapikisane nacho. Oyendetsa magetsi otsata wosewera pa siteji nawonso amachimangirira pa magetsi awo, kuti aloze munthuyo mumdima getsi lisanayake, likamayaka ligwere pa iye nthawi yomweyo.

## Pa kamera

Lenzi ya mamilimita 600 pa kamera ya full frame, ya sensa yaikulu, imaona madigiri 3.4 okha m'lifupi. Mbalame youluka ikangotuluka m'chithunzi, kuipezanso n'kovuta. Ojambula mbalame ndi ndege amamanga red dot pamwamba pa kamera, pamalo a flash, n'kumatsata ndi maso onse awiri. Olympus inafika poimangirira mkati mwa kamera yake ya SP-100EE mu 2014, ndipo Nikon ili ndi yake yomanga pamwamba yotchedwa DF-M1.

Chosokoneza apa ndi kutalikirana kwa mizere iwiri. Red dot imakhala masentimita ngati 10 pamwamba pa pakati pa lenzi. Mukachunira pa mamita 30, kenako kambalame n'kutera pa mamita 5, kadontho kakhala masentimita 8 pamwamba pa pakati pa chithunzi. Pa mtunda umenewo chithunzi chonse ndi masentimita 20 kuchokera pansi kufika pamwamba, ndiye kambalame kaja katuluka kali m'mphepete mwa pamwamba, mwina mutu utadulidwa. Chunirani pa mtunda umene mumajambulira kawirikawiri, ndipo za pafupi kwambiri muziyang'anira mu kamera momwemo. Phazi lolowa pamalo a flash limakondanso kugwedera, choncho limbitsani bwino ndipo muzionanso machunidwe nthawi iliyonse mukachotsa n'kubwezera. Kumbukiraninso kuti kadontho sikakuuzani ngati chithunzi chagwira bwino, ntchito imeneyo ndi ya autofocus.

## Pa mfuti za masewera ndi zosakira

Timabawuti tochunira timalira kuti tiki pa sitepe iliyonse, ndipo sitepe imodzi nthawi zambiri ndi theka la MOA kapena MOA yathunthu. Pa mamita 25, MOA imodzi ndi masentimita 0.73. Mfuti itatsamira pa chinthu cholimba, mumawombera katatu kapena kasanu, n'kuyeza kuchokera pakati pa mabowowo, osati pa bowo limodzi. Ngati pakatipo pali masentimita 6 pansi pa pamene munaloza, ndiwo ma MOA 8, masitepe 16 pa chipangizo cha theka la MOA. Muvi wolembedwa UP umanena za kumene chipolopolo chisunthire, osati kadontho. Kadonthoko mukamapotokola kamatsika.

Machunidwe akamasintha okha, kaŵirikaŵiri wolakwa si galasi koma mabawuti omangira amene akhwefuka ndi kugunda kwa mfuti. Amangeni pa mlingo umene wopanga ananena, osapitirira, chifukwa ndi aang'ono ndipo amaduka. Nkhani ya mizere iwiri ija ilinso pano: ngati kadontho kali masentimita 6 pamwamba pa mpope, pa mamita atatu chipolopolo chigwera pafupifupi masentimita 6 pansi pake.

## Kadontho kakavuta

Dandaulo lofala kwambiri n'lakuti kadontho si kozungulira, kali ndi mchira, kapena kakuoneka ngati timadontho tambiri tounjikana. Yambani ndi kuchepetsa kuwala, chifukwa kadontho kowalitsitsa kamatupa n'kumera minga m'diso la aliyense. Zikapanda kusintha, zungulitsani chipangizocho m'manja uku mukuyang'anamo. Mchira ukazungulira nacho, vuto lili pa chipangizo. Ukakhala pomwepo, vuto lili m'diso lanu, ndipo nthawi zambiri ndi astigmatism, vuto la diso losakhota mofanana mbali zonse. Kujambula kadonthoko ndi foni kumatsimikizanso: pa chithunzi kakatuluka kozungulira bwino, pitani mukapimitse maso. Magalasi a maso amakonza zambiri, ndipo kuyang'anira pa kabowo kakang'ono kumakachititsa kuoneka kozungulira nthawi yomweyo.

Kusowa kwa kadontho kuli ndi zifukwa zingapo. Kuwala kowongoka kuja kumayenda m'kanjira kofanana kukula ndi galasi, ndiye diso likakhala kunja kwa kanjirako simuona kanthu. Zimachitika kwambiri pa mfuti ya m'manja, kumene galasi ndi laling'ono ndipo lili kutali ndi nkhope. Mankhwala ake si kusakasaka ndi mutu koma kuzoloweretsa manja kukweza chida mofanana nthawi zonse. Kamasowanso mukaloza chinthu chowala kwambiri, monga khoma loyera pa dzuwa. Zipangizo zodzichunira zokha kuwala zimanyenga apa: mukaima mumthunzi n'kuloza kunja kowala, kachipangizo koyeza kuwala kamaona mdima umene muli inu, n'kuchepetsa kadontho nthawi imene mukukafuna kowala.

Palinso kusiyana kwa zotsegula ndi zotsekedwa. Pa zotsegula, kagetsi kali pabwalo. Dontho limodzi la mvula likagwera pa kabowo kake, kuwala kumamwazika, kadontho n'kusanduka chinyenyezi kapena timadontho tambirimbiri, ndipo matope akatsekapo kamazimiratu. Zotsekedwa, za ngati kapaipi, zimateteza njira yonse ya kuwala, mumangopukuta magalasi akunja. N'zolemererapo, koma kwa wogwira ntchito pamvula kapena pafumbi kusankha n'kosavuta. Usiku mdani ndi mame, ndipo galasi la Telrad limachita mame msanga kuposa china chilichonse pa telesikopu. Kadenga kapulasitiki kophimba pamwamba pake kamachedwetsa vutoli.

## Abale ake awiri

Holographic sight kunja imafanana ndi red dot, koma mkati n'zina. Chizindikiro chinajambulidwa ngati hologram, chithunzi chojambulidwa ndi kuwala kwa laser, m'galasi momwemo, ndipo laser yaing'ono ikachiwalitsa chimaoneka chitayandama kutali. Kampani ya EOTech ya ku Michigan ndiyo inayamba nazo mu 1996, ndipo chizindikiro chake chodziwika ndi mkombero wa 68 MOA wokhala ndi kadontho ka 1 MOA pakati. Galasi lake silifuna miyalo yofiirira, choncho mitundu imaoneka mmene ilili. Malipiro ake ndi batire: laser imadya kwambiri, maola amawerengedwa m'mahandiredi kapena cha m'ma 1,000, osati masauzande makumi. Chizindikiro chimaonekanso chamchengamchenga mukachiyang'anitsitsa, koma mukayang'ana chandamale chimasalala. Otsatsa amakonda kunena kuti galasi likasweka mbali ina chizindikiro chimaonekabe pa mbali yotsalayo. N'zoona, koma red dot wamba imachitanso chimodzimodzi, pa chifukwa chomwe chija chakuti kachigawo kalikonse ka galasi kamatumiza uthenga wofanana.

Mbale winayo ndi wodabwitsa, chifukwa simuona n'komwe kudutsa mkati mwake. Diso limodzi limaona kadontho pa mdima, linalo limaona chandamale, ubongo n'kuziphatikiza. Asilikali a ku America anagwiritsa ntchito ya mtundu umenewu, yotchedwa Singlepoint, pa chiwembu cha ku Son Tay ku Vietnam mu 1970. Imagwira ntchito kwa amene maso ake awiri amayendera limodzi bwino, koma kwa ena diso lophimbidwalo limapatuka pang'ono ndipo kadontho kamayendayenda. Mutha kuyesa zimenezi potseka chivindikiro chakutsogolo cha red dot iliyonse, ndipo ndi njira yothandiza pamene kuwala kwa kutsogolo kwameza kadontho.

Zina sizifuna batire: masana zimatola kuwala ndi ulusi wa fiber optic, usiku zimawala ndi mpweya wa tritium. Tritium imachepa mphamvu ndi theka pa zaka 12.3 zilizonse, ndiye chida chakale chogula kwa munthu chikhoza kukhala chitazilala kale.

## Pamene sichingakuthandizeni

Red dot imakuuzani kumene mwaloza, koma siikuthandizani kuona. Chimene maso anu sakuchiona, iyonso sichionetsa. Mlenje amene sakutha kusiyanitsa nyama ndi chitsamba pa mamita 250 sapindula kanthu ndi kadontho kolondola, ndipo sayenera kuwombera. Woyang'ana nyenyezi pamalo odzaza ndi magetsi, pamene maso akuona nyenyezi zochepa, amasowa poyambira kuyeza ndi mikombero yake.

N'chifukwa chake pa matelesikopu ambiri mumapeza zida ziwiri zitamangidwa moyandikana: red dot kapena Telrad yofikitsira pa dera loyenera, ndi katelesikopu kakang'ono ka 8x50, kokulitsa ka 8, koonetsa nyenyezi zimene maso sakuzigwira. Pa mfuti amaika kagalasi kokulitsa ka 3 kumbuyo kwa red dot, pa chomangira chopindikira pambali kakakhala kosafunika. Kagalasiko kamakulitsa chandamale ndi kadontho pamodzi, choncho ka 2 MOA kamaphimbabe masentimita 6 omwe aja pa mamita 100, ndipo machunidwe sasintha. Kamene kamabwerera ndi vuto la galasi lokulitsa: diso liyeneranso kukhala pa mtunda woyenera, masentimita ochepa kumbuyo kwake.